Boma Lilibe Nsapato

Bambo Ramiz anali atavala kale jekete lawo la ku ukwati anthu a boma asanatulukire n'komwe. Mayi Sabrie, akazi awo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mng'ono wanu ali kundende, inu mwatchena ngati mukukafunsira mbeta. Yesaniko kuoneka achisoni."

Anayesadi, koma milomo inakana.

Nyumbayo anaisiya ndi malemu bambo awo. Kuno kumapiri a Tepelena mwana wamwamuna sapita kutali, amangosanja yake pamwamba pa ya makolo. A Ramiz, poti ndi aakulu, anatsala pansi. Gazmend, mng'ono wawo, amene anaona kuti chamba chimabereka msanga kuposa maolivi, anasanja pamwamba chinyumba cha matailosi onyezimira. Tulo ta a Ramiz tinathera pomwepo. Nsapato za gogoda za mlamu wawo Rudina zinkayenda pamutu pawo tsiku lonse, go go go, ngati mbuzi pa malata. Munthu wamkuluyo sankasirira chuma cha mng'ono wake. Ankangofuna kugona masana akadya nkhomaliro, basi.

Kenako apolisi anaupeza munda wa chambawo. Gazmend anamangidwa, Rudina anabwerera kwa makolo ake, ndipo lamulo silinapite m'mbali: chimene sungasonyeze kuti unachipeza ndi thukuta lako, boma limatenga. Loya wa Gazmend anakakamira kuti m'mwambamo anamanga motchipa, ndi ndalama zothyolera mapichesi ku Greece. Khoti likanamukhulupirira, Rudina akanabwerera, gogoda zake zili kuphazi. Zimenezi n'zimene zinkawaopsa a Ramiz.

Anabwera awiri kudzaona nyumbayo: bambo wina wa ku ofesi yosunga katundu wolandidwa, ndi mayi wina wowonda, woyenda mowongoka, amene sankayankhula zambiri. A Ramiz anawatsogolera pa masitepe asanapemphedwe.

"Akuti motchipa? Bwana, ine ndinalipo akuthira konkire. Zitsulo zake kunenepa ngati mkono wangawu. Ndi mapichesi ati amene amagula zitsulo zotere?"

Bambo wa ku ofesi uja anagwedeza mutu. Mayi wowondayo anayenda mpaka pakati pa balaza, n'kumenya pansi ndi chidendene. Anasuntha pang'ono, n'kumenyanso. A Ramiz anaona kuti uyu ndiye wokayika, ndipo wokayika safuna kumunyengerera.

"Pondani, mayi, musaope. Muno mutha kulowetsamo khola lonse la ng'ombe, zizidumpha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, simungaone mng'alu."

"Nanga inu a pansi simumva phokoso?" anafunsa mayiyo.

A Ramiz anaganiza msanga. Kunena zoona kukanamveka ngati nyumbayo ndi yotchipadi.

"Phokoso? Ife? Olo pang'ono. Ndalama za chamba zimamanga mochindikala, mayi. Timachita kukwera kudzafunsa ngati kuli anthu."

Mayi Sabrie anatsokomola pakhomo. Amuna awo sanacheuke.

Khoti linalanda m'mwambamo monse, gawo la pansi n'kuwasiyira a Ramiz. Anansi ankabwera kudzapepesa, iwo n'kumawathirira kachasu wa raki uku akuusa moyo. "Magazi ndi magazi, abale anga, koma lamulo ndi lamulo." Alendo akangotuluka ankavula nsapato, n'kudziponya pa mpando wautali. Mwezi wonse anagona tulo tofa nato, mpaka masaya anayamba kubwerera.

"Pa anthu onse amene ndinakhalapo nawo nyumba imodzi, boma ndiye mnansi," anawauza akazi awo. "Lilibe nsapato."

"Bodza lija mudzalilipira," anatero mayi Sabrie, akuchotsa mbale.

Tsiku lina atangodya nyemba zawo, maso atayamba kulemera, minibasi inaima pageti. Munatsika mayi wowonda uja. Pambuyo pake panatsika ana, anyamata ndi atsikana, kungotsikabe osatha, ndipo pomalizira mnyamata wina wamkulu atanyamula ching'oma pamimba.

"Bambo Ramiz, tabwera kudzathokoza," anatero mayiyo, akuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Nyumba zolandidwa boma limapereka kwa anthu, ndiye iyi latipatsa ife a gulu la magule a makolo. Kulikonse ankatikana chifukwa cha phokoso, koma inu munanena nokha kuti pansi simumva kanthu. Tiziyamba tsiku lililonse anawa akangodya nkhomaliro."