Galimoto yatsopano, mpando wakumbuyo

Panali munthu wina, kontilakita womanga nyumba, amene ankakonda bambo ake koopsa. Nkhaniyi ndinaimva kwa mlamu wake weniweni, ndiye musati ndapeka.

Bambo akewo ankadwala impso. Kawiri pa sabata ankayenera kupita kuchipatala kuti akawasefe magazi pa makina, apo ayi thupi linkatupa. Kwa nthawi yaitali mwanayo ankawanyamula pa kapikapu kake ka simenti, fumbi lokhalokha. Ntchito zitayamba kumuyendera anati basi, madala anga avutika mokwana. Anakagula chigalimoto chatsopano, zazitalizitali zija, mipando yachikopa yoyera, magiya osintha okha. Tsiku lofika nayo, anthu a mumsewu wawo anatuluka kudzaisisita. Bambo ake anagwetsa misozi.

Koma galimotoyo inali ndi vuto. Posintha giya inkayamba yakakamira kaye, kenako n'kugunda kuti gu! ngati wina wakukankha kumsana. Ikathamanga, kumatayala akumbuyo kunkamveka chiphokoso chogonthetsa m'kutu.

Woyamba kunena anali mkazi wa kontilakitayo.

"Bambo a ana, galimotoyi siili bwino. Kumbuyoku munthu sumva ndi mawu ako omwe."

"Iwe unazolowera kapikapu. Zimenezo ndi mphamvu."

Mkaziyo sanagonje. Anaimba yekha foni kumene anaigula, ndipo anamuyankha kuti bwerani nayo muisiye masiku angapo, tikonza ulere poti ndi yatsopano. Atamuuza mwamuna wake, iye analumpha.

"Ndiisiye? Pakhomo pakhale pululu, anthu aziti a banki andilanda? Ndipita nayo mwezi wamawa."

Abale inu, mwezi wamawawo sunafike.

Iye kutsogolo, chiwongolero m'manja, wailesi ikuphulika, sankamva zambiri. Amene ankazimva ndi bambo ake, omwe iye ankawakhazika kumbuyo ngati bwana. Ndipotu munthu akachoka pa makina aja amakhala wofooka, mutu ukuzungulira, mseru uli pakhosi. Tsiku lina akubwerera, galimoto inagunda kawiri motsatizana pamphambano, madala aja n'kusanza pampando woyera uja.

Mwanayo sanakalipe, tisamunamizire. Anangoti, "Palibe kanthu, Bambo." Koma masana onse anali chogwada panja ndi ndowa ndi sopo, kupukuta, kununkhiza, kupukutanso. Bambo ake ankamuona pawindo.

Sabata yotsatira madala aja anamuitana.

"Mwana wanga, adokotala akuti ndayamba kupezako bwino. Ndizipita kamodzi kokha."

Kontilakita anasangalala mpaka kuuza anzake kuti galimoto yabwera ndi madalitso. Kuchipatala sanafunseko. Nanga ndani angaganize kuti bambo ake omubereka akumunamiza? Posakhalitsa kamodzi kaja nakonso kanayamba kudumphidwa. Lero ati ndili ndi chimfine, sabata inayo ati andiimbira kuti makina awonongeka. Mapazi atayamba kutupa ankawafunditsa bulangete, n'kumati akumva kuzizira.

M'mawa wina mkazi uja anapeza apongozi ake atakhala pansi m'bafa, akupuma mobanika. Anakuwa. Kontilakita anabwera chothamanga, anawanyamula ngati mwana, n'kuponyera mkazi wake makiyi.

"Yendetsa ndiwe! Thamanga!"

Iye analowa kumbuyo, mutu wa bambo ake uli pamiyendo pake. Aka kanali koyamba kukhala pampando umenewo.

Giya itasintha, gu! Mutu wa madala unadumpha n'kumenya pabondo lake. Itasinthanso, gu! Atalowa mumsewu waukulu, chiphokoso chija chinadzaza galimoto yonse. Apa m'pamene anamva m'thupi mwake zimene munthu wodwala ankapirira ulendo ulionse, ndipo mtima unamuwawa.

Bambo ake anamugwira malaya n'kumukokera pansi. Milomo yawo inkayenda.

"Mukuti bwanji, Bambo?"

Anawerama, khutu pakamwa pawo. Ankamva mpweya wofunda basi, mawu osamveka.

"Chepetsa liwiro, sindikumva!"

"Ndichepetse bwanji munthu akubanika?" anayankha mkaziyo akulira.

Madala aja analankhula ndithu, nthawi yaitali, maso ali pa mwana wawo. Mwanayo ankangogwedeza mutu, "Eya Bambo, eya," koma osamva ngakhale liwu limodzi. Pofika pageti la chipatala anali atasiya kulankhula.

Namwino wa chipinda cha makina aja atawaona anagwira pakamwa.

"Agogowa mumawasungiranji kunyumba? Ife takhala tikuwaimbira. Ankangoti galimoto ya mwana wanga imandidwalitsa, koma musamuuze, anagulira ine."

Kontilakita anakhala pansi pakhonde pomwepo, munthu wamkulu, n'kulira mokweza. Bambo ake anamwalira tsiku lomwelo osatsegulanso pakamwa.

Maliro atatha, mkazi uja anakaisiya galimoto ija kumene anaigula kuja. Sinachedwe n'komwe, anaikonza sabata isanathe, ndipo palibe munthu mumsewumo amene anafunsa kuti yapita kuti. Mlamu wa kontilakita uja akuti mpaka lero, akakhala awiri pabalaza, kontilakita amamufunsabe mkazi wake kuti, "Iwe unali kutsogolo, sunamveko ngakhale pang'ono zimene ankanena?" Mkaziyo amangopukusa mutu.

Phunziro: Chinthu kukhala chatsopano kapena chodula sindiye kuti chilibe vuto. Wapanyumba akakuuzani kuti galimoto ikugunda kapena ikusokosa, pitani nayo msanga, musaope zonena anthu. Komanso makolo athuwa amabisa ululu poopa kutikhumudwitsa, ndiye akati ndapeza bwino, kafunseni adokotala nokha. Tumizirani nkhaniyi abale ndi anzanu, makamaka amene akudwazika makolo awo.