Jekete ya a Edson

Marita ankasokera batani pa malaya pang'onopang'ono, atakhala pamkeka kumapeto kwa khonde. Ulusi unali wobiriwira. Wakuda unatha kalekale, ndipo mayi Zulaika a kwa Masambanjati, amene amamupatsa ganyu yokonza zovala zong'ambika, sanagulenso wina.

Amalume ake, a Jonas, kapitawo wa othyola tiyi, anali atapereka mpando wawo kwa mlendo, iwo n'kukhala pa chidebe. Mlendoyo anali a Edson, amene anabwera kudzaonekera chifukwa ankamufuna Marita banja. Dzuwa la Okutobala linkaswa mtengo, koma jekete sanavule. Pachifuwa panali baji ya nangula ndi dzina la yunivesite ina ya boma yakunja, ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere.

"Yunivesite yathu ija inayamba ndi ophunzira fote okha, mu shedi ya padoko," anatero a Edson. "Lero digiri iliyonse ilipo. Laibulale yokha, kuchokera pano mpaka ku fakitale."

"Mpaka ku fakitale!" a Jonas anagwira pakamwa.

"Nanga masewero! Ineyo ndinali mu timu yopalasa mabwato. Mafunde ake, bwana, kutalika kuposa bulugamu uyo."

A Jonas anayang'ana bulugamuyo mwaulemu. Iwo madzi aakulu amene anawaonapo ndi a damu la pa esiteti.

A Edson anaimirira, n'kukweza manja kuonetsa kapalasidwe kake. Apa singano ya Marita inaima. Maso ake anakakamira pa mlendoyo, osaphethira. Mayi ake a Marita, a Lestina, anaona zimenezi ndipo anakodola achimwene awo.

"Mwamuona mwana wanu? Watheratu."

"Ndiye basi," anatero a Jonas mokweza. "Zobwereza Folomu 4 zija aiwale. Sukulu ya bambowa ikwanira anthu awiri m'nyumba."

A Edson anavomereza ndi mutu ngati dokotala. Anati mkazi wa munthu wa digiri savutika ndi mayeso, amangophunzira kulandira alendo. Kenaka anayambiranso za shedi ya padoko ija, mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi.

Atatopa, a Jonas anatembenuka.

"Iwe Marita, pakamwa anakusoka? Tiwayankhe chiyani alendowa?"

Marita anadula ulusi ndi mano, n'kubaya singano pa chitenje chake.

"Amalume, ine mayeso ndikalembanso," anatero motsitsa mawu. "Ndipo a Edson, mwaiwala za dziwe losambiramo. Zili pa tsamba lomaliza la kabuku ka yunivesite kamene kanali m'thumba la jeketeyo. Ndinakawerenga kawiri tsiku limene mayi Zulaika anatsegula belo la kaunjika, n'kukabwezeramo nditatha kusoka m'khwapamo. Kwezaninso mkono, amalume aone ulusi wanga."