Tinjere Tofiira ta Zoila

Panali munthu wina m'tauni ya Pucallpa, mayi wachitsikana dzina lake Zoila, amene mwamuna anamuthawa mwana wawo Mayte ali wakhanda. Zoila anapeza ntchito pa gulu la amayi otunga mikanda ndi zibangili za njere zam'nkhalango. Malipiro anali oyenera, ndipo ana ankakhala m'chipinda china ndi wowalera.

Tsiku lina pamsika anamuimitsa bambo wina wa nsapato zonyezimira, Rengifo.

"Manja abwino chonchi mukuwatayira kwa nkhalamba zija? Ine njere ndimabweretsa pakhomo. Muzigwira muli kwanu, popanda wokulondani."

Zoila anakafotokozera Mayi Herlinda, mkulu wa gululo.

"Mwana wanga, njere zakezo waziona? Ngati ndi tija tating'ono, tofiira ta kadontho kakuda, usatilandire. Ukatiboola, poizoni wake amakhala poyera. Ife tinatisiya kalekale."

"Amayi, inu mantha! Nanga ine ndikudya? Ndikungotunga."

"Iwe sudya. Nanga Mayte?"

"Mayte ali ndi mayi ake," anayankha Zoila akuseka, n'kusiya ntchito.

Rengifo anabweretsa thumba lodzaza tinjere tomwe tija. Ankabwera pafupipafupi. "Fulumirani mayi, alendo ogula mikanda sadikira!" Zoila ankaboola atakhala pa matabwa oyalidwa pansi m'nyumba mwake, Mayte akukwawa pambali pake. Wolera kunalibe.

Masana ena anadzuka kukatembenuza nthochi pamoto. Pobwera anapeza mwana akutafuna.

"Lavula! Lavula, Mayte!"

Anamupisa chala m'kamwa n'kutulutsa tizidutswa tofiira. Mwanayo anangoseka, napitiriza kusewera, ndipo mtima wa Zoila unakhala pansi. Koma m'mawa mwake Mayte anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi. Khosi linalefuka.

Zoila anaimbira Rengifo. "Bambo, chonde, bwerani ndi galimoto yanu. Mwana wadya njere zanu!"

"Zanga? Mayi, ine ndinakulembani ntchito liti? Ndimagula mikanda, sindilera ana." Anadula foni.

Zoila anathamangira ku gulu lija mwana ali m'manja. Mayi Herlinda sanamunyoze. Anangoti, "Udzere kwanu utengeko tinjereto, adokotala akaone chimene wadya. Thamanga!" Kenako anakuwira mayi wina wa m'gululo, "Nélida, imitsa njinga yamoto!"

Mayte anagona m'chipatala masiku ambiri, ali ndi diripi pa kadzanja. Amayi a m'gulu ankasinthana kubweretsa chakudya. Rengifo anabwera Zoila kulibe, nanamiza woyandikana naye nyumba, n'kutenga mikanda yonse yotungidwa. Sanaonekenso.

Mwanayo anachira, koma anatuluka atawonda ngati kambalame. Zoila atapempha kubwerera, Mayi Herlinda anati, "Mpando wako tinapatsa wina, nayenso ali ndi ana. Ukadikire, tidzakuitana."

Akudikirabe. Nyumba anaisesa, anaikolopa, koma tinjere tina tinalowa m'ming'alu ya matabwa. Mpaka lero, asanatsitse Mayte pansi, Zoila amayamba wagwada n'kufufuza mng'alu uliwonse ndi singano.

Phunziro: Ntchito yabwino ndi imene imasamala iwe ndi mwana wako yemwe. Wokubweretsera katundu pakhomo koma osafuna kutchedwa bwana wako adzakukana tsiku la mavuto. Mverani amene anayamba kale ntchitoyo. Ine mwana wanga wayamba kumene kukwawa, ndipo chilichonse amaponya m'kamwa. Tumizani nkhaniyi kwa mayi aliyense wotunga mikanda, mwina mupulumutsa kamwana kena.