Wabutchala Amene Anamwa Zokongoletsera za Khirisimasi

Panali munthu wina m'mudzi wa kumapiri kuno ku Calabria, dzina lake Cosimo, mwini butchala. Nkhaniyi ndi yoona, wandiuza ndi mlamu wa munthu amene analipo, ndipo pomwe ndikulemba pano mtima ukundiwira.

Cosimoyo ankakhala chiimire tsiku lonse akudula nyama, mpaka miyendo inayamba kutupa. Ndikati kutupa musayese zamasewera: mwendo ngati mgolo wa vinyo, mitsempha ili tolotolo ngati zingwe zomangira bulu. Dokotala anamuuza kuti azivala masokosi othina, aziika miyendo pamwamba akamapuma, ndiponso azimwa mapiritsi opangidwa ndi muzu wa pungitopo, kachitsamba kaminga kaja makolo athu ankakwechera matebulo a nyama. Anamuchenjezanso kuti zimenezi zimagwira pang'onopang'ono, asapupulume.

Masokosi anawaponya kuseri kwa kabati, ati ndi za ankhalamba aakazi. Mapiritsi anamwa kangapo, basi, ati sakumva kanthu.

Chinkamupupulumitsa ndi chikondwerero cha Sebastiano Woyera, mu Januwale. Amuna amanyamula chifanizo cha woyerayo paphewa kuzungulira mudzi, ndipo mtengo wonyamulira wakutsogolo chakumanja unali wa banja la Cosimo kuyambira agogo ake. Lamulo mukulidziwa: wochotsa phewa chifanizo chisanalowe m'tchalitchi, malo ake amatenga amene walowetsapo lake. Ndiye Saverio, wometa tsitsi, malowo anali atawamezera mate kalekale. Akamadutsa pabutchala ankasuzumira n'kunena kuti, "Achimwene, miyendo imeneyo ndi yanu kapena ndi ya pa sikelo?"

Tsiku lamsika kunabwera mlendo ndi kagalimoto, akugulitsa mitolo ya pungitopo yotsala pa Khirisimasi, ija timapachika pakhoma, zipatso zili psuu, zikuwala. Atangoona Cosimo akukoka miyendo, anagwira pachifuwa ngati wamva za maliro.

"Pepani, bwana wanga, pepani," anatero, mawu okoma ngati uchi. "Madokotala amakupatsani muzu kuti muzibwerabwera. Mphamvu ili m'zipatsomu. Taonani mtundu wake, si magazi enieni amenewa? Wiritsani mtolo wonse, mumwe kapu imodzi, mudzadumpha ngati mbuzi ya m'phiri."

Chitsiru chija chinagula.

M'mawa wa chikondwerero mkazi wake, Nunziata, anamupeza akuwiritsa mtolowo mumphika wophikira supageti, madzi atafiira, tonyezimira tikuyandama pamwamba.

"Bambo a Rosaria, mutu ukuyenda? Mankhwala ndi muzu. Zipatsozo ndi poizoni, ndi mwana yemwe amadziwa. Ndiye izi anazipaka penti ndi vanishi kuti ziziwala pakhoma. Mukufuna kumwa khoma?"

"Iwe mkazi, magazi ndimagwira ndine tsiku ndi tsiku. Ungandiuze za magazi iwe?"

Mayiyo anamuuza kuti akafuna kufa akafere panja, m'nyumba wakolopa. Cosimo anatsina mphuno n'kugugudiza, osati kapu imodzi ayi, mphika wonse, ati kuti zigwire msanga.

Mdipiti unayamba. Mabelu, makombola, bandi ikuomba, Cosimo ali kutsogolo chifuwa chili nga. Atafika pamtunda wa pachitsime, m'mimba munayamba. Gudugudu, gudugudu, mpaka woimba ng'oma anacheuka kufuna kuona amene akumulanda ntchito. Thukuta kamukamu, kunja kukuzizira choncho. Bamboyo analuma mano, anapemphera, anayamba kuyenda ngati wapanira dzira m'miyendo. Saverio anali pambali pomwepo ndi kandulo yake, akumunong'oneza kuti, "Mwatani achimwene, woyera wanenepa chaka chino?"

Tchalitchi chinali apo, atsala masitepe okha. Cosimo anachotsa phewa.

Chifanizo chinapendekeka, amayi anakuwa, bambo mfumu anagwetsa buku. Saverio anataya kandulo n'kulowetsa phewa, nkhope ili phee ngati mngelo. Cosimo anathamanga, inde anadumphadi ngati mbuzi, koma sanafike patali. Zimene zinachitika kuseri kwa nyumba ya masisitere sindilemba, ena mukuwerenga mukudya.

Anakagonekedwa kuchipatala, anamutsuka m'mimba, madiripi mbwee. Miyendo inali yotupa chimodzimodzi. Mlendo uja ndi kagalimoto kake palibe anamuonanso.

Nunziata, ngakhale anali atakwiya mpaka osamupititsira mwamuna wake msuzi, anapita kwa akuluakulu a chikondwerero kukapepesa. Anawauza kuti munthu anadwala, malowo ndi a banja, mwana wawo wamwamuna wakula akudikira mtengo umenewo, asamulange mwana chifukwa cha bambo. Akuluakuluwo anamvetsera mpaka mayiyo anamaliza. Kenako wamkulu wawo anayankha kuti, "Mayi, matenda timakhululuka. Koma kumwa penti si matenda."

Phunziro: Mankhwala azitsamba ali ndi mbali yake yochiza ndi mbali yake yopha, ndipo kufiira kwa chipatso si umboni wa chilichonse. Miyendo ikatupa pitani kwa dokotala, mverani zimene wakuuzani, lezani mtima, ndipo mkazi wanu akati mphika uwo ayi, usiyeni. Musamwe chinthu chifukwa wakuuzani munthu wa pakagalimoto amene simukudziwa ngakhale kwawo. Tumizirani abale anu onse, makamaka amalume aja osamva za anzawo, asanawiritse zawo.