Khoma Lowongoka Pachithunzi

Masiku ano palibe wa boma amene amabwera kudzaona nyumba yowonongeka. Umangotumiza chithunzi, ndipo makina a kuofesi ndiwo amagamula ngati ukuyenera thandizo.

Kwa a Kamwendo, khoma la chipinda chogona ana linapendekeka ndi mvula ya mu Januwale. Akazi awo, Nangondo, anawaimika pambali pa khomalo kuti kupendekekako kuoneke bwino, n'kujambula.

Koma makinawo amadana ndi chithunzi chokhota. Anachitembenuza mpaka khoma linaima njo. Wopendekeka tsopano anali a Kamwendo.

Yankho linafika Lachinayi: nyumba ili bwinobwino, wofunika thandizo ndi mwini wake. Linabwera limodzi ndi ndodo yachitsulo yoyendera.

"Mwaonatu, bambo a Tadala," anatero Nangondo. "Ine kumanamizira njerwa masiku onsewa, osadziwa kuti wokhota ndinu."

"Tijambulenso," anatero a Kamwendo.

"Kuti atitumizire njinga ya olumala?"

Nangondo anatenga ndodo ija n'kuchirikiza khoma. Anayang'ana mitambo imene inali itayamba kuda, kenako mbali inayo ya khoma, yomwe inalibe chochirikiza.

"Jambulani ndithu," anatero, akukonza chitenje. "Ulendo uno ndiimapo ndine."