Itenthe Kaye

Chala chitangogunda batani, chipinda chonse chinadzaza ndi liwu lija, lonenepa, lonjenjemera pang'ono ngati lochokera pachifuwa. Bambo anabweza dzanja msanga. Linali liwu lenileni la kiyibodi yawo yakale yamawaya, imene inafa mwezi watha, koma tsopano linkatuluka m'kompyuta ya mwana wawo wamkazi.

"Ndi lomwelo, eti ababa?" anatero mwanayo monyadira. "Ndipo iyi siyofuna kuidikira kuti itenthe ngati chinkhalamba chanu chija. Mukangoyatsa, basi, imbani!"

Bambo anacheukira kukhomo. Akazi awo anali ataima pamenepo, makapu awiri a tiyi ali m'manja. Kwa zaka makumi atatu, kiyibodi ija inkaphonya manotsi ikapanda kutentha kaye kwa theka la ola, ndipo nthawi imeneyo awiriwa ankamwa tiyi, mawondo atagundana.

Mayi anayang'ana makapuwo, n'kutembenuka mwakachetechete kuti azibwerera.

"Iwe wabadwa dzulodzuloli, makina ungawadziwe?" anatero bambo, akukoka mpando wachiwiri. "Khutu langali likumva kuti ikadali yozizira. Bwerani kuno, amake mwana, tiidikire."