Chitsamba cha M'malire

Fanuel anatsika panjinga asanafike pakhomo pake. Chitsamba chija panalibe. Panangotsala zitsa ndi phulusa lofuka utsi, ndipo nyumba ya Stella, mayi woyandikana naye, inkaoneka yonse mpaka kukhonde, ngati munthu amene amuvula pagulu.

Izi n'zimene iye ankafuna.

Chitsambacho chinali cha lunguzi, ndipo chinamera m'malire mwa mabanja awiriwa. Kale mwamuna wa Stella, Yesaya, ankachisadzira chaka ndi chaka. Koma nkhani ya makhadi a chipani itavuta mu 1972, Yesaya anasowa, pakuti chipembedzo chake sichinkamulola kugula khadi. Anthu ankanong'ona kuti wathawira ku Mozambique. Chitsamba chija chinakula mwaufulu n'kuyanga mpaka pa thandala la Fanuel loyanikapo usipa. Minga yake inkakola maukonde amene asodzi ankamubweretsera kuti awasokere. Njoka yochokera m'menemo inamupheranso nkhuku yoikira.

Fanuel anadandaula mwaulemu. Anafika mpaka podzipereka kuti adule yekha ndi chikwanje chake. Koma Stella, mayi amene sankadziwa kukana kanthu, anaima kutsogolo kwa mingayo ngati akutchinjiriza nkhokwe.

“Chisiyeni, a Fanuel, ndapota nanu,” anatero. “Mvula ikagwa tidzaona chochita.”

Mvula inali kutali. Tsiku limene ukonde watsopano wa eni ake unang'ambika, Fanuel anapsa mtima n'kulunjika kwa wapampando wa chipani wa m'deralo. Sananame ayi. Anati pali tchire losunga njoka, ndipo mwini wake akunyozera ukhondo wa pamudzi. Ataona kuti wapampandoyo akungoyasamula, anawonjezera kamawu kena: “Kaya akulikakamiriranji tchire limeneli, kaya.”

Wapampando anasiya kuyasamula. Anati anyamata a chipani abwera kudzatentha tchirelo Lachinayi.

Lachinayi m'mawa Fanuel anamanga dengu la usipa panjinga n'kupita ku Maganga, ngakhale silinali tsiku la msika. Anadziuza kuti akupita kukagulitsa malonda. Koma pansi pa mtima ankadziwa kuti akuthawa maso a Stella.

Pobwerera masana, anakumana ndi Salimu, msodzi mnzake, atasenza nkhafi. Salimu sanaime bwinobwino.

“Atulutsamo munthu m'tchire lanu lija,” anatero motsitsa mawu. “Amukweza palole.”

“Ndani?”

Salimu anamuyang'ana, natsegula pakamwa, kenaka anapukusa mutu n'kufulumira ulendo wake. Pachitsime amayi atamuona anasiya kutunga madzi. Ena anayang'ana kumbali, wina anaphimba nkhope ndi chitenje. Moni wake sanayankhidwe.

Fanuel sanafune womuuza. Zonse zinamveka zokha. Yesaya sanapite ku Mozambique kulikonse. Miyezi yonseyi anali pomwepa, akugona pansi pa minga, akumva mawu a mnzake akutukwana chitsamba. Yesaya yemwe uja anamubwereka bwato chaka chimene lake linamira. Yesaya amene anagwira khasu kumanda tsiku loika mkazi wa Fanuel, osapuma mpaka dzenje litatha. Munthu wotereyu iye wamupereka chifukwa cha ukonde ndi nkhuku.

Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kuponda phulusa lija. Pakati penipeni panali malo osesedwa bwino, oti munthu mmodzi n'kugonapo atapinda miyendo. Panali chidutswa cha mkeka wopserera ndi kambale kadothi kosweka. Kuchokera pamenepo thandala lake linkaoneka lonse, ndi mpando umene ankakhalapo posoka.

Anaganiza zolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndani akanamufunsa? Iye anangodandaula za njoka basi, ndipo wapampando ndi mboni. Koma kamawu kowonjezera kaja kankangomulira m'makutu. Anakanena akudziwa bwino lomwe kuti masiku ano mawu otero sagwa pansi.

Anadutsa malire aja, amene tsopano analibe munga ndi umodzi womwe.

Stella anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula. Duku linali litagwera pambali, diso limodzi litatupa. Mwana wake wamng'ono, Mose, anali atagona pamiyendo pake, misozi itaumira m'masaya. Fanuel anavula chipewa n'kunjuta patali pang'ono, ngati wofika pamaliro.

“Amake Mose,” anayamba. “Ndine ndinapita kwa wapampando. Sindingabise. Ndikanadziwa, ndikanalola minga ija ilowe mpaka m'nyumba mwanga.”

Stella ankangosisita mutu wa mwana.

“Munda wanu ndizilima ine,” anapitiriza Fanuel. “Ndiwo pakhomo pano sizidzasowa. Ndipo mawa ndipita kuboma kukafunsa kumene amupititsa. Kaya andimenya, andimenye. Ndikawagwadira mpaka atamutulutsa Yesaya.”

Apo m'pamene Stella anadzutsa mutu. M'maso mwake munalibe mkwiyo umene Fanuel ankauyembekeza. Munali chisoni, ndipo chisonicho chinali chomumvera iyeyo.

“Kodi sanakuuzeni?” anafunsa.

“Kundiuza chiyani?”

“Yesaya ali ku Mozambique, a Fanuel, anadutsa kalekale. Amene amukweza palole ndi Eliza, mwana wanu, amene mumati ali pabanja ku Lifuwu. Nayenso anakana khadi, ndiye ndinamubisa m'chitsamba chija, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ankati akadzagwidwa, bambo ake adzapulumuke poti sakudziwa kanthu.”